Mimba ya Pachithunzi

Pa ziwalo zonse za thupi, palibe chimene Chichewa chinachisenzetsa katundu wambiri ngati mimba. Mayi woyembekezera timati ali ndi mimba. Ana a mayi mmodzi timati ndi a mimba imodzi, ndipo akasiyana makhalidwe timati m'mimba ndi m'chipala. Wadyera timati amangoganiza za mimba yake. Anzathu a Chishona, amene timakhala nawo kuno ku Chitungwiza, amasiyanitsa dumbu, mimba ya chakudya, ndi nhumbu, mimba ya mwana. Koma m'zilankhulo ziwiri zonsezi sindinapezemo dzina la chinthu chimene anyamata a ku Unit O amachikhetsera thukuta m'mamawa: timinofu tisanu ndi kamodzi tooneka ngati njerwa zosanja pakati pa chifuwa ndi chinena. Amangoti six pack. Ntchito yomasulira inandiphunzitsa kuti dzina likasowa, nthawi zambiri chinthucho chimakhala chilipo ndithu, kungoti anthu sankachiyang'ana. Minofuyo agogo athu anali nayo. Diso loisirira ndilo lachilendo.

Ndiye funso langa ndi ili: mnyamata akavula malaya, nakunga mimba, najambulitsa n'kutumiza pa WhatsApp kapena pa Instagram, kodi ndi matama chabe, kapena muli kanthu koyenera ulemu?

Tiyambe ndi thupi lenilenilo. Mnofu umene umaonekawo ndi wautali, umachoka pa nthiti kukafika pa fupa la chinena, wina kumanja wina kumanzere. Mitsempha yopingasa, kawirikawiri itatu, ndiyo imaudula kukhala timagawo. Kuchuluka kwa timagawoto munthu amabadwa nako: wina tinayi, wina tisanu ndi kamodzi, wina tisanu ndi titatu, ndipo palibe jimu imene ingawonjezere kamodzi. Aliyense ali nawo mnofuwu, ngakhale abambo a chimimba chotsogola aja. Chimaubisa ndi mafuta a pansi pa khungu. Masewera a pamimba amaulimbitsa, koma sasungunula mafuta a pamalo pomwepo. Mafuta amachoka thupi lonse pamodzi, munthu akamadya zochepa kuposa zimene thupi likuwotcha. Choncho six pack ndi umboni wa zinthu ziwiri, khama ndi njala.

Chithunzi nacho chili ndi luso lake. Pabwalo lina kufupi ndi kwathu pali anyamata onyamula zitsulo zopanga okha, simenti yothira m'zitini za penti ndi zitsulo za galimoto zakufa. Ndimawaona akamajambulana. Amasankha dzuwa la m'mawa lowomba cham'mbali kuti mithunzi izame. Amajambula asanadye. Wojambulidwayo amatulutsa mpweya wonse, n'kupinda msana pang'ono, n'kukunga. Foni ikangolira, amapuma mwamphamvu ngati wavuuka m'madzi, mimba n'kubwerera mwakale. Thupi la pachithunzi limakhala ndi moyo masekondi awiri kapena atatu basi. Mwini wake yemwe sakhala nalo.

Zimenezi sizinayambe ndi mafoni. Eugen Sandow, Mjeremani amene anatchuka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, anayamba ngati munthu wonyamula zolemera pamaso pa anthu, kenaka anazindikira kuti ambiri ankabwera kudzaona minofu yake kuposa zimene ankanyamulazo. Zithunzi zake zinagulitsidwa kwambiri, ndipo mu 1901 anakonza mpikisano waukulu wa matupi ojintcha ku Royal Albert Hall mu London. Mpaka lero wopambana Mr. Olympia, mpikisano umene unayamba mu 1965, amalandira kachifanizo ka Sandow. Kuyambira pamenepo mphamvu inagawika pawiri, mphamvu yogwira ntchito ndi mphamvu yooneka.

Koma ife a Chichewa a ku Zimbabwe tili ndi mbiri yathuyathu ya thupi lovula malaya. Makolo athu ambiri anachoka ku Nyasaland, ku Tete ndi kum'mawa kwa Zambia kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya ndi m'migodi, ena pansi wapansi, ena kudzera mwa Mthandizi, ena kupitirira mpaka ku Joni ndi Wenela. Olembedwa ntchito ya m'migodi ankavulidwa, kupimidwa, kuikidwa pa sikelo, kuti aone ngati thupilo lingabweze ndalama. Amuna amenewo anali ndi mimba zolimba ngati thabwa, chifukwa cha fosholo ndi phoso loperewera. Palibe anaisirira mimba yoteroyo. Inali chizindikiro cha munthu wogwirira wina. Ndiye chifukwa chake, zinthu zikayamba kuyenda, chimimba chinkalandiridwa ngati mendulo: abwana anenepa, ndiye kuti pakhomo pali bwino.

Kenaka kunabwera zaka za Edzi, matenda amene Amalawi anawatcha kaliwondewonde. Kuwonda kunasanduka chinthu chonong'onezana pamaliro. Mu 2008 masitolo a m'dziko muno anali mbee, ndipo kolera imene inapha anthu oposa 4,000 inayambira mom'muno mu Chitungwiza mwezi wa Ogasiti. Anyamata amene akukunga mimba lerowa nthawi imeneyo anali makanda kapena ana a sukulu ya mkaka. Amene anawabereka kumbuyo akukumbukira zonse. Nditaonetsa agogo ena chithunzi cha mdzukulu wawo, anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anamuitana. “Iwe, ukudwala chiyani? Nthiti zonsezi pamtunda?” Iye anaseka. “Ayi agogo, ndi masewera. Ndimachita dala.” Agogowo anapukusa mutu n'kupita kukatereka poto wa nsima.

Mawu akuti dala ndiwo mutu wa nkhani yonseyi. Mimba ya mnyamatayo ndi ya agogo ake aamuna zikhoza kufanana pa chithunzi, koma zikunena zosiyana. Ya agogo inkati: ndilibe. Ya mdzukulu ikuti: ndili nacho, koma ndakana. Njala yosankha ndi njala yokugwera zimapweteka mofanana m'mimba, koma ina ndi ufulu, ina ndi goli. Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anthu amene amangoti zonsezi n'zachibwana. Taganizani mnyamata wa ku Unit O amene anamaliza sukulu, ntchito palibe, m'thumba mulibe ngakhale ya kombi yopita ku Harare. Sangalamule mtengo wa buledi, sangalamule tsiku limene madzi adzatuluke pa mpopi. Chinthu chimodzi chokha chimamumvera: akachipatsa miyezi isanu ndi umodzi ya khama, chimayankha. M'dziko limene khama nthawi zambiri silibala kanthu, kupeza malo amodzi pamene wafesa n'kukolola si chinthu chochepa. Komanso m'misewu yomweyi muli anzake amene mankhwala ozunguza bongo awatha. Wodzuka 5 koloko kukanyamula simenti wasankha njira ina, ndipo chithunzi chake ndi njira youzira anthu kuti thupi ili ndi langa. Mdzukulu wa munthu amene anavulidwa malaya ndi kapitawo akavula yekha mwa kufuna kwake, ine sindingamuseke.

Komabe pali funso limene silindichoka. Agogo ake anaima pamaso pa wopima kuti awaikire mtengo. Iye waima pamaso pa foni, ndipo akatumiza chithunzi amabwerera mphindi iliyonse kukawerenga amene achikonda. Kodi sikelo ija inachokadi, kapena inangolowa m'thumba? Wakale uja ankadziwa kuti wopimayo ndi mdani, ndipo madzulo ankatha kumutukwana ku komboni. Walero amamunyamula yekha, amamugulira data, amagona naye pamtsamiro. Ndipo wopima watsopanoyu sakhuta. Chithunzi cha dzulo chikakondedwa ndi anthu makumi asanu, cha lero chiyenera kuposa. Apa ndi pamene ena amayamba kudumpha chakudya, kudzimana madzi, kugula mapiritsi ndi jakisoni zosadziwika bwino, kudana ndi mimba yawo yeniyeni chifukwa sikufanana ndi ija ya masekondi atatu. Munthu amayamba kuchitira nsanje chithunzi chake chomwe.

Pali kuipa kwina kobisika. Six pack ikasanduka umboni wa khalidwe, mimba ina iliyonse imasanduka mlandu. Wonenepa ndi waulesi, mayi amene mimba yake inatambasuka pobereka ana atatu wadzitayirira. Chonsecho pitani pa mjigo uliwonse kuno. Chitungwiza ilibe damu lakelake, imadalira madzi ochokera ku Harare, ndipo mipopi imatha masiku ili youma. Amayi amasenza ndowa ya malita 20, amene ndi makilogalamu 20, ena mwana ali kumsana, maulendo angapo pa tsiku. Chimene chimagwira msana wawo kuti usathyoke ndi minofu ya pamimba yomweyo, makamaka ya m'kati imene sioneka pa chithunzi chilichonse. Kapena onani ovina Gule Wamkulu, amene Ashona amawatcha zvigure, kapena anyamata ovina nyimbo za Alick Macheso usiku wonse: chiuno sichingadukeduke motero popanda mimba yamphamvu. Mphamvu yambiri ya mu Unit O sinajambulidwepo.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambiwu suletsa mkuyu kukoma. Ukungotiuza kuti tiubenthule tione m'kati. Ndiye sindikuti anyamata aleke kujambulitsa. Kukongola kwa thupi n'kwabwino, ndipo munthu wakhetsa thukuta ali ndi ufulu wonyadira, monga mlimi amaimirira pambali pa nkhokwe yodzaza. Chimene ndingafunse mphwanga aliyense wonyamula zitsulo ndi mafunso atatu. Foni itatayika lero, mawa ungadzukebe kukachita masewerawo? Ukaona mimba ya amayi ako kapena ya amalume ako, umaona munthu kapena umaona kulephera? Ndipo mphamvu wasonkhanitsayo, kodi inayamba yanyamulapo ndowa ya wina, thumba la ufa la agogo a pafupi, bokosi la maliro a mnansi?

Mnofu wa pamimba ntchito yake ndi kutsokomola, kuseka, kukankha mwana pobadwa, kudzutsa wodwala pamphasa, kugwira msana posenza. Ntchito zonsezi zimafuna mnofu wodziwa kukungika ndi kumasuka, ndipo zonse zimachitika munthu akupuma. Chithunzi chokha ndicho chimafuna kuti agwire mpweya. Masekondi atatu otero sapha munthu. Choopsa ndi kuzolowera, mpaka kumayenda mumsewu, kukhala pakati pa abale, ngakhale kugona pambali pa wokondedwa, mimba ili chikungire, kudikira wojambula amene kulibe.