Kodi Kuluka ndi Manja Ndiko Kutaya Nthawi?

Miyezi ya June ndi July ikafika, kumadera okwera monga Dedza, Ntcheu ndi Mulanje kumazizira kwambiri, makamaka pamene chiperoni chadza ndi nkhungu yake ndi mvula yowaza. Nthawi imeneyi munthu aliyense amafuna chipewa chofunda, mpango wa m'khosi ndi masokosi. Zinthu zimenezi zimapezeka pamsika, ndipo pa kaunjika mtengo wake ndi wochepa. Komabe alipo anthu ena amene amagula wulu ndi singano zolukira, nakhala madzulo ambiri akuluka chipewa chimodzi chimene sadzachigulitsa konse, pakuti amaluka chifukwa chokonda ntchitoyo. Anansi awo amawaseka, nati, "Bwanji osangogula?" Funso limeneli silopusa, ndipo liyenera kuyankhidwa mosamala, pakuti nthawi ndicho chuma chimene munthu akachimwaza sangachitolenso.

Mawu a anthu oseka

Poyamba nkoyenera kumva mawu a anthu osekawo. Nsalu yoluka imapangidwa ndi maso okolana monga a ukonde wa nsomba, ndipo woluka amakola diso limodzi pa nthawi imodzi. Ngati mzere wozungulira mutu uli ndi maso 100, ndipo chipewacho chifuna mizere 50, ndiye kuti dzanja lidzakola ulusi kokwana 5,000. Kumeneku ndi kuchedwa kwakukulu.

Anthu anayamba kalekale kufuna njira yachangu. M'chaka cha 1589, munthu wina wa ku England dzina lake William Lee, wa m'mudzi wa Calverton pafupi ndi mzinda wa Nottingham, anapanga makina olukira masokosi. Makinawo anali ndi singano zambiri zondandana, kotero kuti ankakola mzere wonse nthawi imodzi. Kuyambira pamenepo makina akhala akuonjezera liwiro, ndipo dzanja la munthu lidakali pa liwiro lake lomwe lija. Tsono ngati ubwino wa ntchito uyesedwa ndi changu ndi ndalama zokha, woluka ndi manja anagonja zaka zoposa 400 zapitazo.

Osekawo ali ndi mawu enanso olemera. Pakhomo pa munthu wosauka nthawi ndi chakudya. Madzulo amene apita pa chipewa akanatha kupita pa kusenda mtedza, pa kusoka chigamba, kapena pa kamalonda kobweretsa ndalama ya mchere. Munthu wanzeru sangakane zimenezi.

Akazi a ku Shetland

Kuti mlanduwu uweruzidwe bwino, nkofunika kuona anthu amene ankaluka popanda kuchitira mwina. Kumpoto kwa Scotland, dziko limene kunachokera David Livingstone, kuli zilumba zozizira ndi zamphepo zotchedwa Shetland. Kumeneko kuli nkhosa za ubweya wofewa, ndipo m'zaka za m'ma 1800 akazi akumeneko anatchuka ndi kuluka masokosi, magolovesi ndi mashawelo. Amuna ambiri ankakhala kunyanja kukapha nsomba, tsono munda, ziweto ndi ana zinali m'manja mwa akazi. Popeza mitengo ndi yosowa pazilumbapo, akaziwo ankasenza kumsana madengu a dothi lakuda louma limene limayaka monga nkhuni, ndipo poyenda ndi katunduyo zala zawo zinali zikuluka.

Luso lawo linali lalikulu, koma malipiro anali owawa. Eni masitolo ambiri sankapereka ndalama. Ankalipira ndi katundu wa m'sitolo mwawo, monga tiyi ndi nsalu, pa mtengo umene iwo eni anaika. Mkazi wofuna ndalama nthawi zina ankagulitsanso katunduyo motchipa. M'chaka cha 1872 boma la Britain linachita kafukufuku pazilumbapo, ndipo akazi oluka anafotokoza okha za malipiro amenewa. Ngakhale zinatero, mchitidwewo unapitirira zaka zambiri.

Mkazi wa ku Shetland wa masiku amenewo ndi munthu woluka mwa kufuna kwake masiku ano agwira singano mofanana, ndipo maso amene akola ndi amodzimodzi. Kusiyana kwawo kuli pa mwini wake wa nthawiyo. Nthawi ya woyambayo inali ya mwini sitolo, ndipo diso lililonse linali kubweza ngongole. Nthawi ya wachiwiriyo ndi yake. Iye asankha yekha mtundu wa wulu, asankha amene adzavala chipewacho, ayamba pamene afuna, nalekeza pamene watopa.

Ntchito yopanda kapitawo

Moyo wa munthu wamkulu ndi wodzala ndi ntchito zolamulidwa. Kumunda alamulidwa ndi mvula, kuntchito alamulidwa ndi kapitawo, pamsika alamulidwa ndi mtengo. Ntchito zimenezi ndi zabwino, pakuti ndizo zidyetsa banja. Koma munthu amene ntchito zake zonse zili ndi mtengo wake amazolowera kudziyesa yekha monga katundu, ndipo tsiku limene sanapindule ndalama amaona ngati iye mwini alibe pake. Nchifukwa chake nkwabwino kuti pa maola a munthu patsale kachigawo kamene sikagulitsidwa. Wina amakapereka ku ulimi wa maluwa, wina ku kusema, wina ku kuluka.

Pa ntchito yotere ndi pamene khalidwe la munthu limaonekera. Nthawi zina diso limodzi limapulumuka pa singano woluka osaona, ndipo amadzazindikira atapitirira mizere ingapo. Pamenepo pali njira ziwiri. Angathe kubisa chilemacho napitirira, podziwa kuti palibe kapitawo amene adzamdula malipiro. Koma diso lotayika limamasuka kutsikira pansi mzere ndi mzere, ndipo kabowo kamene kanali kakang'ono kamakula. Njira ina ndiyo kubwerera, kutola disolo, kapena kumasula ntchito ya madzulo onse ndi kuyambanso. Munthu amene azolowera kubwerera pa cholakwa chake popanda womuona waphunzira chinthu chimene chidzamthandiza pa kusunga ndalama za anzake, pa kulera ana, ndi pa kupepesa mnansi. Waphunziranso kudikira, monga akulu amanenera kuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Chipewa cha mutu umodzi

Palinso chinthu china chimene makina sachita. Makina amaluka zipewa zambiri za mitu imene saidziwa. Woluka ndi manja amayamba ndi kuyesa mutu wa munthu mmodzi. Adziwa kuti agogo amadandaula ndi kuzizira m'makutu, tsono achitalikitsa m'mbali. Adziwa kuti mwana wa sukulu amataya zinthu, tsono asankha mtundu wowala. Madzulo onse amene aluka, maganizo ake ali pa munthuyo.

Zimenezi zimaoneka bwino pa mwana wobadwa masiku asanakwane. Khanda lotere limazizidwa msanga, ndipo kutentha kwambiri kwa thupi lake kumatulukira kumutu, chifukwa mutu wa khanda ndi waukulu poyerekeza ndi thupi. Nchifukwa chake anamwino amalangiza kuti mayi alifukate pachifuwa khungu ndi khungu, litavala kachipewa. Kachipewa kokwana kamutu kakang'ono kotero sikapezeka msanga pamsika, koma munthu wodziwa kuluka angakamalize m'masiku owerengeka. Luso limene analiphunzira posewera limakhala lokonzeka pa tsiku la vuto.

Wolandira chipewa chogula walandira ndalama za mnzake, ndipo imeneyo ndi mphatso yabwino. Wolandira chipewa choluka walandira madzulo a mnzake, amene sadzabweranso. Nchifukwa chake anthu amasunga kajuzi koluka ka mwana ngakhale mwanayo atakula, pamene zovala zina zogula anazipereka kale kwa ena.

Malire ake

Koma chinthu chabwino chimaipa chikapyola malire ake, ndipo apa osekawo ayenera kukumbukiridwanso. Munthu amene agula wulu ndi ndalama ya ufa walakwa. Amene akhala pa mkeka ndi singano pamene munda uli m'tchire walakwanso, pakuti wapereka nthawi imene sinali yake. Inali ya ana ake. Alipo enanso amene amaluka mphatso kuti atamandidwe, ndipo akaona kuti wolandirayo sakuivala, amasunga mangawa. Wotereyo sanapatse, wakongoza, ndipo wafanana pang'ono ndi mwini sitolo wa ku Shetland uja. Ndiponso woluka mwa kufuna kwake asapeputse mnzake amene amaluka kuti agulitse. Kudyetsa ana ndi ntchito ya manja ndi ulemu, ndipo wogula ayenera kulipira mtengo woyenera, pokumbukira maso 5,000 aja.

Tsono yankho la funso lija ndi ili. Kuluka ndi manja kumakhala kutaya nthawi ngati munthu waba nthawiyo pa ntchito imene banja likuidikira. Koma ngati ntchito za tsikulo zatha, ndipo munthu atenga ola limene latsala nalisandutsa chinthu chofunditsa mnzake, nthawiyo sinatayike. Ola lomwelo likanatha kupita pa miseche kapena pa bibida, osasiya kanthu m'mbuyo. Wofuna kuyamba safunika zambiri: singano ziwiri, mpukutu umodzi wa wulu, ndi mnansi womuonetsa kakoledwe ka diso loyamba. Mpango wa m'khosi ndiwo wosavuta kuyambira, popeza ulibe zochepetsa kapena zoonjezera maso. Akayamba mu April, naluka mizere ingapo tsiku lililonse, chiperoni chidzampeza atamaliza, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo.