Kodi tili ndi mlandu pa madzi amene sitiwaona?

Ambiri a ife kuno ku Lilongwe timapita kunyanja mwa apo ndi apo. Komatu mtsinje wa Lilongwe umathira mu Linthipe, ndipo Linthipe amakathira m'Nyanja ya Malawi ku Salima. Zimene timataya m'ngalande zimakathera kumeneko.

Akatswiri oyeza madzi amamiza m'nyanja kambale koyera ka pachingwe, n'kuona kuya kumene kalekera kuoneka. Amatunganso madzi m'mabotolo kuti akayeze nayitirojeni ndi fosiforasi, michere imene imachokera ku feteleza, kuzimbudzi zosefukira ndi kudothi lokokoloka. Kumunda michereyi imakulitsa chimanga, koma ikachuluka m'nyanja imakulitsa ndere. Ndere zikafa n'kuwola zimamaliza mpweya umene nsomba zimapuma. Zoterezi zinachitika pa Nyanja ya Victoria, kumene namasupuni anafika potseka madoko m'zaka za m'ma 1990.

Nyanja yathu ili ndi mtsinje umodzi wokha wotulutsa madzi, wa Shire. Madzi ambiri amachoka ngati nthunzi, n'kusiya zimene anabwera nazo. Choncho cholowamo sichituluka msanga.

Wina anganene kuti chidebe chimodzi cha zonyansa sichingadetse nyanja yakuya mamita 700. N'zoona. Palibenso msodzi wa ku Senga Bay amene angaloze khomo la amene wamuthawitsira usipa. Koma aliyense akadziyeretsa chifukwa gawo lake n'lochepa, nyanja idzaonongeka popanda wolakwa, chikhalirecho taiononga ndife. Kuchepa kwa gawo kumachepetsa mlandu, koma sikuufafaniza.

Mlanduwo sufanananso. Mayi wa kumalo kumene galimoto yotola zinyalala sifika sangaweruzidwe mofanana ndi mwini fakitale, kapena akuluakulu amene amalekerera mapaipi a zimbudzi akuchucha. Wamphamvu zambiri asenze zambiri.

Nanga wonena kuti sankadziwa? Kusadziwa kumapeputsa mlandu ngati panalibe njira yodziwira. Apa ndi pamene pagona phindu la kuyeza madzi: manambala aja amatiuza lero zimene maso akanadzaona nthawi itatha kale. Tikamva n'kungokhala, ndiye kuti tachita kusankha.

Tiyeni tsono tipopetse zimbudzi zisanasefukire, tileke kulima mpaka m'mphepete mwa mtsinje, ndipo tifunse makhansala athu kuti madzi oipa a mumzinda uno amathera kuti. Paja madzi akatayika saoleka.