Kodi Kumvedwa N'kupulumuka?

M'mwezi wa Januwale 1997, pamene amalinyero a mpikisano wa Vendée Globe, amene amazungulira dziko lapansi aliyense yekha m'ngalawa yake, anali m'nyanja yozizira ya kumwera kwa Australia, namondwe anatembenuza chadodolido ngalawa ya Mngelezi Tony Bullimore. Ndipo iyeyo, monga Yona m'mimba mwa chinsomba, anakhala masiku angapo mumdima wa m'kati mwake, atayatsa kachipangizo kake koitanira thandizo, koma osadziwa ngati pansi pa thambo panali khutu limene linamva, kufikira tsiku limene asilikali a sitima ya HMAS Adelaide anagogoda pa chombocho.

Makutu oterewa alipo ndithu, ndipo anapachikidwa kumwamba ndi anthu amene ankasungirana mkwiyo. Mu 1979, dziko la Soviet Union linapangana ndi America, Canada ndi France kuti akhazikitse Cospas-Sarsat, pakuti ngakhale adani amadziwa kuti mnzako akapsa ndevu uyenera kumzimira. Ndipo mu Seputembala 1982 setilaiti yoyamba inatsogolera opulumutsa kwa anthu atatu amene ndege yawo inagwa m'mapiri a British Columbia. Kachipangizo koitanira thandizo kakayatsidwa, kapena kakakhudza madzi ngati ndi ka m'chombo, kamafuula pa 406 MHz, kamphindi kochepa pa masekondi pafupifupi 50 aliwonse, kutchula nambala yake. Setilaiti imapereka mfuuwo kwa a pansi, amene poona mmene liwulo likusinthira setilaiti ikamayandikira ndi kupitirira, monga hutala ya lole imasinthira ikakudutsa pamsewu, amawerengera malo amene munthuyo ali. Tizipangizo tatsopano timanena tokha malowo mothandizidwa ndi GPS.

Tsono kuyambira mu 2020, masetilaiti a Galileo a ku Ulaya amabweza yankho: kanyali kamayaka pa kachipangizo, kuuza womirayo kuti mfuu wake wafika. Apa ndi pamene pagona funso langa. Madzi sanaphwe, mphepo sinaleke, sitima ikadali kutali ulendo wa masiku; nanga munthuyo walandira chiyani?

Alipo abale ena opembedza amene amati sanalandire kanthu, ndi kuti chikhulupiriro chofuna chizindikiro n'chopunduka, popeza wopemphera sayatsiridwa nyali iliyonse, koma amayembekeza chomwecho. Ine, mwaulemu wonse, sindikuvomera. Chimene chimapha wotayika msanga si njala kapena chisanu chokha, koma kukayika kuja kwakuti kapena anthu anamuiwala kale. Ndipo amene wauzidwa kuti wamvedwa amasunga madzi ake akumwa, nagwiritsitsa chingwe usiku wina, chifukwa kupirira kwake kwapeza chifukwa. Ululu womwewo umagwera ofunafuna pamene kulibe liwu lowatsogolera, monga tinaonera ife eni pa 10 Juni 2024, ndege yonyamula Dr Saulos Chilima ndi anzawo asanu ndi atatu itasowa, dziko lonse n'kuchezera usiku kudikira uthenga wochokera m'nkhungu za ku Chikangawa.

Komabe kanyaliko ndi lonjezo, ndipo lonjezo limamanga wolonjeza. Setilaiti ilibe manja ovuulira munthu m'madzi. Ikamva, mlandu wonse umatsikira pa kalaliki wa m'nyumba yoyang'anira zopulumutsa, amene akudziwa bwino lomwe kuti mfuu yambiri yofika kwa iye ndi yabodza, ya kachipangizo kogundidwa mwangozi kapena kotayidwa kudzala batire ili momwemo. Iye amatsegula kaundula, naimbira foni mwini nambalayo. Ndipo akapanda kupeza womutsimikizira kuti zonse zili bwino, amadzutsa oyendetsa ndege pakati pa usiku, osafunsa mtundu wa wofuulayo kapena ngati adzalipira mafuta.