Mlonda wa Pamalire ndi Mlendo wa Pakhomo

Chaka chilichonse aphungu a Nyumba ya Malamulo ku Lusaka amakambirana bajeti ya dziko. Ikafika nkhani ya ndalama za asilikali, apolisi ndi a Imigireshoni, mawu amakwera. A chipani cholamula amati ndalamazo ndi zoteteza dziko, otsutsa amati zikuwonongeka kapena zidzagwiritsidwa ntchito powaopseza iwo. Boma linasintha mu 2011 ndiponso mu 2021, ndipo munaona kuti anthu akasinthana mipando amasinthananso mawu. Nanga inu, mayi wachikhristu wokhala kufupi ndi malire, muime pati?

Ife a ku Chadiza sitifunika wotiphunzitsa kuipa kwa malire opanda mlonda. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, zigawenga za Renamo zinkadumpha malire a Mozambique, kupha anthu, kugwira ena ndi kulanda ziweto m'midzi ya kuno ndi ya ku Katete ndi Petauke. Amene munagona kutchire ndi ana masiku amenewo simungavomere munthu wonena kuti ndalama za chitetezo n'zachabe. Pa Aroma 13 timaphunzira kuti olamulira anapatsidwa udindo woletsa zoipa, ndipo Katekisma wa Heidelberg, pofotokoza lamulo lachisanu ndi chimodzi, amanenanso zomwezo. Boma losiya anthu ake pambalambanda lalephera ntchito imene Mulungu analipatsa.

Koma kumbukiraninso amene anadutsa malire omwewo m'zaka zomwezo: amayi a ku Tete, ana kumsana, akatundu pamutu. Ambiri anali Achewa anzathu, a Kalonga Gawa Undi, omwe timakumana nawo pa Kulamba ku Mkaika. Midzi yathu inawalandira, ndipo mu 1987 boma linatsegula malo a othawa nkhondo ku Ukwimi. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992, ambiri anabwerera kwawo. Paja mlendo ndi mame. Tikanati titseke khomo kwa aliyense chifukwa choopa mfuti, tikanapha osalakwa. Katekisma yemweyo amatiphunzitsa kuti kusapha kokha sikukwanira, tiyeneranso kutchinjiriza mnzathu ku zoopsa monga tingathere.

Lero alendo ake ndi ena. Achinyamata a ku Ethiopia amalipira anthu ozembetsa anzawo kuti awafikitse ku South Africa. Mu March 2020, anthu 64 anapezeka atafa m'kontena ya lole m'chigawo cha Tete. Mu October 2022, mitembo 30 inapezeka m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba, ku Malawi. Mu December chaka chomwecho, ina 27 inatayidwa ku Ngwerere, kufupi ndi Lusaka. Aliyense wa iwo anali ndi mayi amene anamubereka. Malonda oterewa amakula pamene alonda ali ochepa, alibe galimoto kapena mafuta, ndiponso pamene chiphuphu chimatseka maso a munthu. Mwaona tsono kuti mlonda wokhulupirika amateteza ife ndi mlendo yemwe.

Mkangano wa zipani ukafika poipa umapweteka onse awiri. Ku America, kuyambira pa 22 December 2018 mpaka pa 25 January 2019, mbali ina ya boma inatsekedwa masiku 35 chifukwa Pulezidenti Donald Trump ankafuna madola 5.7 biliyoni omangira khoma pamalire a Mexico, ndipo a chipani cha Democratic anakana. Antchito a boma pafupifupi 800,000 sanalandire malipiro pa nthawi yake, kuphatikizapo alonda a pamalire omwewo. Njovu zikamamenyana, umavutika ndi udzu.

Mwina mukuti, "Nanga aphungu asamatsutsane?" Ayi, atsutsane ndithu. Chuma chathu n'chochepa. Mu November 2020 dziko lathu linalephera kubweza ngongole ina yakunja, ndipo kwacha iliyonse yopita ku mfuti yachoka ku mankhwala kapena ku madesiki a ana. Kufunsa za ndalama ndi ntchito imene tinawatuma. Tchimo limalowa pamene munthu akana chinthu chabwino chifukwa chachokera kwa mdani wake, kapena avomera choipa chifukwa chachokera kwa mnzake wa chipani. Pamenepo moyo wa munthu wasanduka chida chopezera mavoti.

Chotero inu, kaya munavotera ndani, funsani phungu wanu mafunso omwewo. Kodi ndalamazi zidzafika kwa ofisala wa pachipata cha Chanida, kapena zidzathera m'misonkhano? Kodi zigwira wozembetsa anthu, kapena wozembetsedwa yekha? Kodi ana ogwidwa panjira amagona kuti? Tili ndi lamulo loletsa kuzembetsa anthu la 2008 ndi lamulo la othawa kwawo la 2017, koma lamulo lopanda ndalama zoligwiritsira ntchito limangokhala papepala.

Palinso gawo lathu. Musalole mwana wanu kulandira ndalama kuti aperekeze alendo usiku panjira zachidule, ngakhale kunyumba kulibe ufa. Mukamva anthu akugogoda m'kati mwa lole yotseka, uzani apolisi kapena amfumu msanga. Mukapita kukayendera akaidi monga Chigwirizano, kumbukirani ndi aja osamva chilankhulo chathu, amene alibe mbale wowabweretsera sopo. Nehemiya anaika alonda pa linga la Yerusalemu, ndipo Boazi analola Rute Mmoabu kukunkha m'munda mwake. Onse awiri anali anthu oopa Mulungu mmodzi. Tipemphere kuti atsogoleri athu a zipani zonse atengere onsewo, ndipo ifenso tiyambe kutero pakhomo pathu.