Kodi Wodwala Nthenda Yosachira Auzidwe Zoona?

Abale, pali mlandu umene utivuta ife tonse amene tiyendera odwala m'Ndirande, ku Bangwe ndi ku Chilomoni. Munthu adwala khansa, kapena ya kummero, kapena ya khomo la chiberekero imene itha amayi ambiri m'dziko muno. Apita naye ku Gulupu, ndicho chipatala cha Queen Elizabeth, ndipo madokotala apeza kuti nthendayo yafalikira, siingachirenso. Pamenepo abale akokera dokotala pambali nati, "Musawauze amayiwa, angafe ndi mantha." Kodi dokotala amvere abale, kapena auze mwini nthenda?

Abalewo sitiwadzudzula, pakuti anena chotero chifukwa cha chikondi. Kwathu kuno kutchula imfa munthu ali moyo kumveka ngati kumtemberera. Koma tiyang'ane zimene kubisako kubala. Wodwala ayesa kuti mankhwala enieni ali kwina, tsono banja ligulitsa mbuzi, njinga, ngakhale chimanga cha m'nkhokwe, kulipira asing'anga ndi aneneri. Ana aleka sukulu. Mayi amwalira osanena amene adzalera ana ake, osatchula malire a munda, osayanjana ndi mchemwali wake amene adayambana naye kalekale. Ndiponso ambiri a iwo adziwa kale, popeza thupi ndi lawo. Angokhala chete kuti asaliritse ana awo, anawonso ali chete, ndipo nyumba yonse isenza katundu mmodzi yense payekha. Akulu adati, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife titi mwini ululu ndiyenso mwini mbiri yake.

Komatu kunena zoona kuli ndi manenedwe ake. Dokotala wa pachipatala chachikulu, amene odwala amdikira pamzere kuyambira m'mamawa, aona munthu kanthawi kochepa, sadziwa kwawo, sadziwa mwinimbumba. Mawu oona otuluka mofulumira pamalo otere alasa ngati mkondo. Apa ndipo pafunika dokotala wa banja, amene adziwa nyumbayo kwa zaka. Iye ayamba kufunsa wodwala chimene iye mwini aganiza za nthenda yake, ndi ngati afuna kumva zonse. Wina akana, nati, "Uzani achimwene anga." Ameneyo asakakamizidwe, pakuti kukana kumva nakonso ndi ufulu wake. Wina afuna kumva, ndipo auzidwa pang'onopang'ono, lero pang'ono, sabata yamawa pang'ono, amalume kapena mwana wamkulu ali pomwepo.

Ndipo wonena mawuwo asachoke. Cicely Saunders, amene adatsegula nyumba ya odwala otere ya St Christopher's ku London m'chaka cha 1967, adaphunzitsa kuti ululu wa munthu wakufa suli m'thupi mokha, uli m'mtima, m'banja ndi mumzimu. Ku Gulupu ntchito yotere ichitika pa Tiyanjane, imene idayamba mu 2003, ndipo ana ali ndi yawo ya Umodzi. Kumeneko apereka mofini wamadzi, womwa maola 4 aliwonse. Alipo amene auopa, nati ndiwo mankhwala omalizira munthu. Si choncho ayi. Womwedwa pamuyeso wake uletsa ululu, munthu nagona tulo, nadya phala, nacheza ndi adzukulu; chovuta chake ndi kudzimbidwa, ndipo pa ichonso alipo mankhwala.

Madokotala a banja akali owerengeka. Maphunziro awo aukatswiri adayamba mu 2015 ku Mangochi, pansi pa College of Medicine, ndipo mtengo wobzalidwa dzulo sukhala ndi mthunzi waukulu. Chifukwa chake m'Limbe ndi m'Zingwangwa ntchitoyi igwa pa anamwino ndi othandiza madokotala a m'zipatala zazing'ono, ndi amayi odzipereka amene atsuka zilonda m'makomo. Iwowa ndiwo abale awakokera pambali, ndipo ndiwo afunsidwa ndi wodwala, abale atatuluka kukatunga madzi, ngati adzaona dzinja.