Kodi Nzeru Ili ndi Mwini Wake?

Kale, machesi asanachuluke m'midzi, mai akadzuka m'mamaŵa napeza moto wazima, ankatuma mwana ndi phale kuti akapale moto kwa mnansi. Mnansiyo sankaŵerengera, pakuti khala limodzi likachoka, moto wake sunkachepa. Koma mwana yemweyo akatumidwa kukabwereka khasu, nkhani inkakhala ina, chifukwa khasu likapita mwini wake salima tsiku limenelo. Funso lathu mwezi uno lagona pa kusiyana kumeneku. Kodi nzeru imene munthu watulukira ili ngati khasu, kapena ili ngati moto? Ndipo ngati ili ngati moto, kodi nchilungamo kuti boma lipatse munthu mmodzi chikalata choletsa ena onse kuupala?

Chikalata chotere chilipo, ndipo chimatchedwa patenti. Dzinali lidachokera ku mau a Chilatini otanthauza chinthu chotseguka, popeza makalata a mafumu opatsa munthu ufulu wotere sankamatidwa, kuti aliyense aŵerenge. Mzinda wa Venice udakhazikitsa lamulo la patenti m'chaka cha 1474, ndipo wotulukira chinthu chatsopano ankatetezedwa zaka 10. Ku England lamulo la 1624 lidapereka zaka 14. Masiku ano, potsata pangano la zamalonda la maiko lotchedwa TRIPS, limene lidasainidwa mu 1994, patenti imakhala zaka 20 kuŵerengera tsiku limene munthu adapereka pempho lake. Tisaiŵale kuti ndi malonda a mbali ziŵiri. Wotulukira amaulula chinsinsi chake chonse, nachilemba momveka kuti mmisiri wina athe kuchitsata. Boma nalo limamlonjeza kuti pa zaka zimenezo palibe wopanga kapena kugulitsa chinthucho popanda chilolezo chake. Zakazo zikatha, nzeruyo ndi ya aliyense.

Kuti tisalankhule zam'mutu zokha, tiyeni tione zinthu zitatu zimene zidatetezedwa motero.

M'chaka cha 2004 anyamata aŵiri ophunzira zaumisiri ku London, Peter Brewin ndi Will Crawford, adaganiza za pulasitala imene adokotala amamangira mkono wothyoka. Ija imakhala nsalu yofeŵa, koma ikanyowa imauma gwa. Iwo adadzifunsa ngati sangachite chimodzimodzi ndi simenti. Adapanga nsalu yokhuthala yokhala ndi ulusi wogwira simenti youma m'kati mwake, ndipo kunsi kwake kuli pepala la pulasitiki losalola madzi. Imabwera yokulunga ngati mkeka. Mukaiyala ndi kuithira madzi, pofika maŵa lake yasanduka konkire. Poyamba iwo ankafuna nyumba zofulumira kumanga za anthu othaŵa nkhondo kapena ogwa m'ngozi: hema amene amampopa ndi mpweya, namthira madzi, nauma. Koma malonda adaloza kwina. Kampani yao, Concrete Canvas, imene ili ndi fakitale ku Wales, imagulitsa nsaluyi makamaka kwa okonza ngalande za madzi ndi oteteza zitunda za m'mbali mwa miseu, njanji ndi migodi.

Chachiŵiri ndi shawa. Mehrdad Mahdjoubi, akuphunzira pa yunivesite ya Lund ku Sweden, adagwirako ntchito yoganizira m'mene anthu angakhalire pa ulendo wa ku Mars, mogwirizana ndi bungwe la NASA. Kumeneko dontho lililonse la madzi ndi moyo. Atabwerera ku maganizo a pansi pano, adayambitsa kampani ya Orbital Systems mu 2012 ku Malmö. Shawa yake sitaya madzi amene agwa pansi. Imaŵayesa, niŵasefa, niŵapha tizilombo ndi kuŵala kwa mtundu wapadera, niŵatenthetsa pang'ono, niŵabwezeranso pamutu pa wosambayo. Okhawo amene ada kwambiri ndiwo amatayidwa. Eni ake amati imatha kupulumutsa malita 90 pa malita 100 alionse.

Chachitatu sichigwirika ndi manja. Mu 1998 Jay Walker wa ku America adalandira patenti pa njira yogulira matikiti a ndege pa intaneti, imene kampani ya Priceline inkagwiritsa ntchito. Njirayo inali yoti wogula ndiye atchule mtengo umene angathe, nalonjeza kuti akavomera wogulitsa wina aliyense, iye salephera kulipira. Kampani ya ndege yokhala ndi mipando yotsala inkavomera kapena kukana. Chaka chotsatira Priceline idasumira Microsoft ndi nthambi yake ya zamaulendo, Expedia, ponena kuti aba njirayo pogulitsa zipinda za m'mahotela. Mlanduwo udathera kunja kwa bwalo mu 2001, Expedia itavomera kumalipira.

Tikaika zitatuzi pamodzi, mtima wathu suzilandira mofanana, ndipo nkofunika kufunsa chifukwa chake.

Za nsalu ija sitivutika nazo. Anyamatawo adatha zaka akuyesa ulusi ndi simenti, kufunafuna njira yoti ufawo usakhuthukire mbali imodzi poinyamula, ndiponso kupanga makina oiwombera amene kunalibe. Pakadapanda chikalata, kampani yaikulu iliyonse ya simenti ikadagula mpukutu umodzi, nkuung'amba, nkuona m'mene udapangidwira, nkuŵapitirira pamsika chaka chisanathe. Ndani akadabwereka ndalama ophunzira aŵiri opanda munda kapena nyumba ya chikole, podziŵa zimenezi? Apa patenti ikuteteza wamng'ono kwa wamkulu, ndipo ikupatsa wantchito malipiro a thukuta lake. Palinso phindu lina limene timaliiŵala. Tonse tidamvapo za nkhalamba yodziŵa mankhwala a njoka imene idapita kumanda ndi chinsinsi chake, poopa kuti ikaulula idzasoŵa podyera. Munthu amene alibe chitetezo amabisa. Patenti imagula chinsinsi kwa mwini wake nthaŵi idakalipo.

Komabe ngakhale pamenepa tisafulumire kunena kuti nzeruyo ndi yao ngati m'mene khasu lilili la mwini wake. Simenti nayonso idali ndi patenti yake, imene Joseph Aspdin wa ku Leeds adalandira mu 1824, ndipo idatha kalekale. Nsalu ya pulasitala idatulukiridwa ndi dokotala wa asilikali wa ku Netherlands, Antonius Mathijsen, m'zaka za m'ma 1850. Anyamatawo adapala moto kwa anthu ameneŵa osalipira kanthu, ndiponso kwa aphunzitsi ao, ndi kwa amene adaŵaphunzitsa kuŵerenga. Mutu umodzi susenza denga. Nchifukwa chake nkoyenera kuti patenti izitha. Mwini munda amasiyira ana ake munda mpaka kalekale, koma wotulukira nzeru amangobwerekedwa zaka zoŵerengeka, popeza gawo lalikulu la chimene adapanga lidali kale la anthu onse.

Za matikiti a ndege zija ndizo zimatidodometsa. Kodi chatsopano nchiyani pakuti wogula atchule mtengo wake? Amai athu amachita zimenezi tsiku lililonse pogula tomato pamsika, ndipo sadapemphe chilolezo kwa munthu. Otsutsa patenti ya Walker adanena zomwezo: kunenerera mtengo nkwakale ngati malonda enieniwo, ndipo kukuika pa kompyuta sikukusandutsa kwa munthu mmodzi. Omuikira kumbuyo adayankha kuti chatsopano chinali lonjezo lomanga wogula pamaso pa ogulitsa ambiri nthaŵi imodzi. Ife tikuona kuti yankho limeneli nlopepuka. Amene adapanga nsalu ija adaonjeza chinthu m'dziko chimene kunalibe. Amene atenga patenti pa kachitidwe ka malonda amakhala ngati munthu womanga mpanda panjira yopita kudambo imene anthu adaiponda kale, nayamba kulipiritsa odutsa. Bwalo lalikulu la milandu ku America lidayandikira maganizo ameneŵa mu 2014, pa mlandu wa Alice ndi CLS Bank, pamene lidagamula kuti ganizo wamba silisanduka loyenera patenti chifukwa chongolichitira pa kompyuta.

Shawa ija imatiphunzitsa kudziletsa poweruza. Nkosavuta kukwiya ndi kunena kuti: taonani, makina opulumutsa madzi akugulidwa madola zikwi zingapo ndi anthu a m'maiko a mvula yambiri, pamene mai wa kumudzi amayenda mtunda ndi ndowa pamutu. Nzoona, ndipo nzomvetsa chisoni. Koma tikanena zoona zonse, si chikalata chimene chikutsekereza maiyo. Ngakhale patenti itafafanizidwa lero, shawayo imafuna mpopi, magetsi ndi zosefera zosintha kaŵirikaŵiri. Ndiponso iye amene amasamba ndi ndowa imodzi adapulumutsa kale madzi koposa makinawo. Sitiyenera kusenzetsa patenti mlandu uliwonse wa umphaŵi, chifukwa tikatero sitidzamveka pamene mlandu uli wakedi.

Ndipo nthaŵi yotere idafika, ambiri a ife tikuikumbukira ndi maliro amene tidaika. Chisanafike chaka cha 2001, mankhwala otalikitsa moyo a odwala Edzi ankagulidwa madola opitirira 10,000 pa munthu mmodzi pachaka. Mu February 2001 kampani ya ku India, Cipla, idalengeza kuti ingathe kupereka mankhwala a mitundu itatu yofunikayo pa madola 350 pachaka, popeza malamulo a India pa nthaŵiyo sankapereka patenti pa mankhwala enieniwo. Ku South Africa makampani 39 a mankhwala anali atasumira boma chifukwa cha lamulo lofuna kutsitsa mitengo, koma mu April chaka chomwecho adausiya mlanduwo, anthu a maiko ambiri atadzudzula. Mu November maiko adagwirizana ku Doha kuti pangano la TRIPS lisaletse boma kuteteza umoyo wa anthu ake. Kuno ku Malaŵi mankhwalawo adayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala mu 2004. Makampaniwo sankanama ponena kuti kufufuza mankhwala kumadya chuma chambiri. Koma zaka 20 zimene nzochepa kwa kampani, wodwala sangazidikire, ndipo anthu amene ankafawo sakadagula mankhwalawo pa mtengo wakalewo ngakhale akadagulitsa zao zonse. Poŵamana, kampani sinkapindula tambala.

Thomas Aquinas Woyera adasiyanitsa zinthu ziŵiri pokamba za chuma. Kusamala ndi kuyendetsa zinthu, adaphunzitsa, nkwabwino kuti kukhale m'manja mwa munthu payekha, chifukwa munthu amasamala kwambiri chimene chili chake, ndipo mikangano imachepa. Koma pa kagwiritsidwe ntchito, munthu aziona zinthuzo ngati za onse, wokonzeka kugaŵana ndi osoŵa. Iye ankanena za minda ndi nkhokwe. Ngati chiphunzitsochi chigwira pa chimanga, chimene chimachepa ukagaŵa, nanji pa nzeru imene sichepa? Papa Benedict XVI, m'kalata yake ya 2009 yotchedwa Caritas in Veritate, adadandaula kuti maiko olemera amaumirira mopitirira muyeso pa umwini wa nzeru, makamaka pa zaumoyo. Sadanene kuti umwiniwo uthe. Chimene adatsutsa ndi kuuma kwake.

Ena adazindikira zimenezi popanda woŵakakamiza. Lamba wa m'galimoto wodutsa pachifuwa ndi m'chiuno adamtulukira Nils Bohlin wa ku kampani ya Volvo mu 1959. Kampaniyo idalandira patenti, koma idalola opanga magalimoto ena onse kumgwiritsa ntchito. Mu 1923 amene adatulukira insulini ku Canada adagulitsa patenti yao ku yunivesite ya Toronto pa mtengo wa dola imodzi aliyense. Sitinganene kuti wotulukira aliyense achite chimodzimodzi, pakuti wina ali ndi ngongole, antchito ndi ana. Lamulo silingalamule kuoloŵa manja. Chimene lingathe ndi kusiya khomo lotseguka pa nthaŵi ya ngozi, ndipo khomo limenelo lilipo: boma lingathe kulola wina kupanga chinthu cha patenti popanda chilolezo cha mwini wake, koma nkumlipira moyenera.

Pali mbali ina imene imatikhudza ife eni, ndipo siikondweretsa kwenikweni. Patenti imagwira ntchito m'dziko lokhalo limene idalembetsedwa. Ya ku America kapena ku Britain ilibe mphamvu kuno, pokhapokha mwini wake ataitetezanso kuno, mwina kudzera ku bungwe la ARIPO limene likulu lake lili ku Harare, ndipo Malaŵi ndi Zambia ndi mamembala ake. Pamwamba pa apo, zikalata miyandamiyanda za patenti, zakale ndi zatsopano, zili pa intaneti, ndi zithunzi zake zomwe, ndipo kuziŵerenga nkwaulere. Zambiri zidatha kale mphamvu. Ya matikiti ija nayo idatha, ndipo Priceline yeniyeniyo idaleka kugulitsa matikiti a ndege mwa njira imeneyo mu 2016. Tsono pamene tikudandaula za mipanda imene ena adamanga, tizifunsanso kuti ndi angati mwa ana athu ophunzira zaumisiri amene adaphunzitsidwa kutsegula nkhokwe imeneyi. Mnyamata wowotcherera zitsulo pamsika, amene amakonza mijigo ndi zigayo ndi zipangizo zotola, angapezemo zithunzi za mapampu a mitundu yambirimbiri amene eni ake adafa kalekale. Chimene chimamtsekereza ndi Chingerezi cholimba cha maloya chimene zikalatazo zidalembedwamo, mtengo wa intaneti, ndiponso kusoŵa munthu womuuza kuti zikalatazo zilipo.