Nyumba yosafuka utsi

Sabata ino ndabwera ndi nkhani yakutali, ya ku France, koma musathawe, ifika pakhomo.

Achemwali anga aakulu ali ku England, amagwira ntchito yosamalira okalamba. Mwa anthu amene amawayendera muli agogo ena achizungu, amasiye, ndipo maso adayamba kuwavuta, ndiye makalata amawawerengera ndi achemwaliwo. Tsiku lina usiku adandiimbira pa WhatsApp ndili kuwerenga ndalama za tsikulo (kwa amene simundidziwa, ndimagulitsa kaunjika). Akuti, "Iwe, agogo anga aja ali ndi nyumba ina ku France, kumudzi kwenikweni, dera lotchedwa Dordogne. Chaka chachitatu chino sadapondeko, koma mabilu sakusiya kubwera." Makalatawo ndi a Chifalansa, amachita kuwajambula ndi foni kuti iwamasulire. Ana a agogowo akuti nyumba igulitsidwe. Agogo akuti adzaigulitse iwo atafa.

Kuyambira tsiku limenelo nyumba imeneyi yakhala ikundizungulira m'mutu, ine amene ku France ndimangokuona pa mpira. Funso langa ndi ili: kodi n'chilungamo munthu kukhala ndi nyumba imene amagonamo masabata asanu kapena asanu ndi limodzi pa chaka, miyezi ina yonse ili chitsekere?

Muyambe mwamva kaye mmene nyumba yotere imadyera. Mukagula nyumba yakale kumeneko, musanalandire n'komwe kiyi, mwalipira kale za notaire, munthu wa malamulo amene amalemba zogulitsana malo, ndipo zimakwana 7 kapena 8 peresenti ya mtengo wa nyumbayo, zambiri mwa izo ndi msonkho wa boma. Kenako chaka ndi chaka pali msonkho wa mwini malo, taxe foncière. Palinso wina, taxe d'habitation, umene kuyambira 2023 adauchotsa pa nyumba imene munthu amakhalamo, koma adausiya pa nyumba yachiwiri. Midzi yambiri ilibe mapaipi a zonyansa, ndiye nyumba imakhala ndi thanki yake ya chimbudzi, ndipo kumabwera oyendera. Akapeza kuti siili bwino pogulitsana, wogula amapatsidwa chaka chimodzi kuti akonze. Chumuni chiyenera kusesedwa ndi mmisiri wake chaka chilichonse, n'lamulo. M'madera a kummwera kumene tchire limapsapsa, mwini ayenera kulambula mamita 50 kuzungulira nyumba, kaya alipo kaya palibe. Nyengo yachisanu madzi amaundana m'mapaipi n'kuwaphulitsa, choncho pochoka uyenera kutseka madzi ndi kukhetsa otsalira. Ukaiwala, udzapeza siling'i itagwa. Makoma amwala amamwa chinyezi, zovala za m'kabati n'kuchita chuku. Ndipo ndidaseka nditamva kuti chiswe chilikonso, mpaka m'madera ena sungagulitse nyumba popanda kalata yoti chiswe adachifufuza. Eti chiswe ku France!

Ife a geni timati mpamba wagona. Zili ngati kutsegula belo la majekete mu Okotobala: katundu ngwabwino, koma ungomuyang'ana, uku tikiti ya msika ukudula tsiku ndi tsiku. Ndiye poyamba ndidangogamula kuti ndi misala ya anthu okhuta. Kenako nditawerenga zambiri, misala ija ndidayamba kuiona ngati umbombo. Ku France, pafupifupi nyumba imodzi mwa khumi zilizonse ndi yachiwiri, ndipo zonse pamodzi n'zoposa 3 miliyoni. Zambiri eni ake ndi Afalansa omwe a m'tauni, osati alendo okha ayi. Pa chilumba cha Corsica zimaposa imodzi mwa zinayi. M'mbali mwa nyanja ku Bretagne ndi ku dera la Abasque mitengo ya nyumba idakwera mpaka namwino kapena mphunzitsi wobadwira pomwepo sangapeze pogona pafupi ndi ntchito yake, pamene msewu wonse mawindo ali otseka kudikira Julayi ndi Ogasiti. Mu Novembala 2021 anthu masauzande adachita zionetsero mumzinda wa Bayonne pa nkhani yomweyi ya nyumba. Boma lidalola makhonsolo a malo ovuta nyumba kuti aziwonjezera msonkho wa nyumba yachiwiri uja ndi 5 mpaka 60 peresenti. Ku malo a tchuthi a kumapiri ali ndi dzina la zimenezi, amati lits froids, mabedi ozizira. Pamenepa ine sindivutika kuweruza. Bedi lozizira dala, mwana wa pamudzi akugona kwa makolo ndi mkazi ndi ana, si chinthu chimene ndingachiikire kumbuyo.

Koma achemwali adandidula. Akuti, "Usafulumire. Nyumba ya agogoyi pamene ankaigula inalibe denga, m'kati mudamera mtengo." Apa m'pamene nkhani idandikulira.

Pakati pa dziko la France pali madera amene eni ake adawathawa kalekale. Tengani Creuse. M'zaka za m'ma 1800 kunali anthu oposa 280,000, lero sakwana 120,000. Amuna akumeneko anali amisiri omanga. Chisanu chikatha ankanyamuka, kale wapansi, kukamanga Paris ndi Lyon, n'kudzabwera chisanu china chikayamba, ngati mmene agogo athu ankapitira ku Joni pa Wenela. Pang'onopang'ono adasiya kubwerera. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 idatenga anyamata ambiri, kenako thirakitala idachepetsa manja ofunika kumunda. Nyumba zidatsala zikugwa zokha. Ndiye akabwera munthu wa ku England kapena ku Netherlands n'kugula bwinja limene palibe ankalifuna, n'kulemba mmisiri wa pamudzi kuti afolere, wina azitchetcha udzu, msonkho n'kumalipira, walanda yani? Ku Dordogne Angerezi adachuluka mpaka dera adalipatsa dzina lachipongwe loti Dordogneshire, koma nyumba zambiri zimene zikuoneka bwino pa zithunzi lero zikadakhala milu ya miyala.

Ndiye chinthu n'chimodzi, kugula nyumba yachiwiri, koma ku Bayonne n'kulanda, ku Creuse n'kupulumutsa. Kwa masiku angapo ndidakhutira ndi yankho limeneli: zimatengera malo. Ngati pali wina amene akuifuna nyumbayo kuti azikhalamo, walakwa. Ngati palibe, zako zimenezo.

Chimene chidandibweza ndi msika wathu womwe uno. Mu Disembala kumabwera anthu amene sitiwaona chaka chonse. Amayala katundu pambali pathu, amagulitsa bwino, Khirisimasi ikatha azimiririka. Sabera munthu, tikiti amadula. Koma makasitomala amene amawapezawo adawasunga ndani? Ndi ife amene timakhala pa benchi mu Januwale ndi Febuluwale, mvula ikutinyowetsera katundu, tsiku lonse n'kugulitsa malaya awiri. Anthu amadziwa kuti pamalo pano pali msika chifukwa ife sitichokapo. Tonse titati tizibwera mu Disembala mokha, a Disembalawo angapeze bwalo la udzu.

Ndi mmenenso ndikuonera za mudzi wa ku France uja. Munthu wogula nyumba ya tchuthi sagula makoma okha. Makoma ali nawo kale kwawo. Chimene akufuna n'kudzuka m'mawa n'kukagula buledi wotentha pangodya, kumva belu la tchalitchi, kupita pa msika wa Loweruka, kupatsidwa moni ndi mlimi woyandikana naye. Zonsezi sizili pa pepala la notaire, ndipo sadazilipire. Zimakhalapo chifukwa pali anthu amene amapirira mudziwo mu Febuluwale, kukuzizira, kukuda msanga. Wophika buledi sangadye phindu la miyezi iwiri chaka chonse. Sukulu imafuna ana olembetsa, ndipo ana akachepa boma limatseka kalasi. Nyumba ya tchuthi imapatsa ntchito wofolera denga, koma siipatsa mphunzitsi mwana, siipatsa dokotala chifukwa chokhalira. Denga lapulumuka, inde, koma mudzi ungathe kufa madenga ake onse ali bwinobwino. Akulu adati mlendo ndi mame. Mame ngabwino, koma sindidaonepo chimanga chokula ndi mame okha.

Pali china. Kiyi wa nyumba ya agogo aja ali ndi mayi wina woyandikana nawo. Iyeyo ndi amene amatsegula mawindo kuti mupite mphepo, ndi amene adaona kuti tailosi yasweka mphepo itaomba, ndi amene amadziwa chitseko chimene chimafufuma kukagwa mvula. Mwini ali ndi pepala, mayiyo ali ndi nyumba m'mutu. Ndikati ndifunse kuti nyumbayi ndi ya yani, khoti lili ndi yankho lake lachidule, koma ine pakamwa pamandilemera.

Komabe sindifuna kuwanamizira agogowo umbombo. Achemwali akuti akayamba kukamba za nyumba imeneyi nkhope imasintha. Pansi pa khitchini adayala ndi malemu amuna awo, okha ndi manja, tchuthi zitatu. Mtengo wa zipatso wa pakhomo adabzala chaka chimene mdzukulu woyamba adabadwa. Ku England ndi nkhalamba imene anthu amabwera kudzaisambitsa. Ku Dordogne, m'maganizo mwawo, akadali mayi wa pakhomo amene akudikira alendo. Britain itatuluka mu European Union, kuyambira 2021 Angerezi opanda viza amaloledwa masiku 90 okha pa masiku 180 alionse. Aphungu a ku France adayesa kuwafewetsera eni nyumba ngati amenewa, koma mu Januwale 2024 bwalo loona za malamulo aakulu a dzikolo lidachotsa ndime imeneyo. Agogo akuti adakwiya nazo kwambiri, chonsecho miyendo inali itawaletsa kale, ngakhale tsiku limodzi sakadapita. Ndiye mabilu amene akulipirawo sakulipirira tchuthi. Akulipira kuti pakhale malo pa dziko pamene amuna awo sadachokepo kwenikweni. Zimenezi ine wa geni sindingaziwerengere pa kakyuleta, ndipo sindinganene kuti n'zopanda pake. Ndingonena kuti amene akuthandiza kulipira chikumbutso chimenechi, osafunsidwa, ndi mudzi uja, umene uli ndi khomo limodzi losafuka utsi.

Tsopano ndiulule chimene nkhaniyi yandikhalira pakhosi. Ndili mkati mowauza achemwali zonsezi, mwamphamvu ngati loya, ndidamva kiyi akulira m'kachikwama kanga ka ndalama. Achemwali omwewo adamanga nyumba kumudzi kwathu. Zipinda zitatu, malata, simenti mpaka pakhonde. Idatha zaka zinayi zapitazo ndipo agonamo kawiri. Wosunga kiyi ndine. Mwezi uliwonse ndimatseka benchi tsiku limodzi, kukwera minibasi, kukasesa, kuthira mankhwala a chiswe, kuona ngati akuba sadazule mawindo. Mayi woyandikana ndi agogo uja ndine ndemwe.

Ndipo mlongo wathu wamng'ono ali ndi mkazi ndi ana awiri m'kachipinda kamodzi ka lendi pa tredingi senta, mtunda woyenda wapansi kuchokera pa nyumbayo. Adapempha kuti azikhalamo, aziisamala. Achemwali adakana. Akuti ana adzadetsa makoma, akuti wachibale akalowa satuluka, ndipo pamenepo sakunama, tonse tidaziona. Nditawapanikiza adalira. Akuti, "Iwe sudziwa. Ndikaweruka ntchito ya usiku, m'basi, ndimatsegula chithunzi cha nyumba ija. Ndi chokhacho chimene chimandiuza kuti sindidzafera kuno."

Ndidayesa kudziuza kuti n'zosiyana. Agogo adagula malo osangalalira, achemwali adamanga kobwerera, ndi ndalama yosambitsa nkhalamba za eni. Kusiyana kulipo ndithu, ndipo sindikuchepetsa. Koma onse awiri akusunga nyumba kuti mtima ukhale pansi ali kutali, ndipo konse kuwiri pali wina pafupi amene akadayatsamo moto lero. Kusiyana kwina kukuipira ife: pakhomo la agogo palibe amene wagogoda kupempha, pamene pa lathu wagogoda, ndipo ndi wa bere limodzi.

Ndidawauza achemwali maganizo anga: mlongo wathu alowe zipinda ziwiri, chachikulu chikhale chokhoma ndi katundu wawo, tilemberane pepala pamaso pa amfumu ndi amalume kuti tsiku limene adzabwere nyumba ndi yawo. Adangoti aganiza. Papita masabata atatu. Mauthenga ena amayankha, umenewu amaudumpha. Dzulo adanditumizira ndalama ya mankhwala a chiswe ndi ya thiransipoti, osawonjezerapo mawu. Loweruka ndikupita kukasesa, ndipo mlamu wanga wanena kale kuti adzabwera kudzandithandiza kukolopa, monga amachitira mwezi uliwonse, kenako n'kubwerera ku kachipinda kake.